Mapiko a Ndege pa Balani la Apongozi

Lolemba, Epulo 1957, kwa Kabudula

Apongozi aamuna apita ku Kasiya kukadwazika mlongo wawo, abwera Loweruka. Balani la fodya wa chikopa andisiyira ine mkamwini. Mawu awo: "Moto ukhale wa utsi basi, usalilime. Musawonjezepo nzeru."

Koma utsi wa m'balani muno ndi waulesi! Fodya wam'munsi wada bwino, wam'mwamba akadali wachikasu. Ine ndinasesapo m'shedi ya ndege ku Halale, ndipo injini yotsegula ndinaiona ndi maso angawa: timapiko mizeremizere, tonse topendekeka. Takutsogolo timameza mphepo, pakati moto uyaka, mpweya wotentha uzunguza takumbuyo. Moto ndili nawo kale. Chosowa ndi mapiko padenga oti azikoka utsi.

Zofunika: madebe a palafini, waya, gudumu la njinga.

Lachiwiri

Gudumu lapezeka! Ndi la alamu anga a Yohane. Ali ndi chithupsa pamalo poti sangakhalire chishalo, njinga ikungogona. Ndawauza kuti ndikukawongola masipoko.

Ndikudula madebe, ndikumangirira mapiko m'masipoko ndi waya. Zala zonse mabala okhaokha. Debe lina lomwe ndadula kani ndi lotungira madzi la akazi anga. Angoima, manja m'chiuno: "Kodi abambo anakuuzani zimenezi?" Mawu a apongozi aja akungolira m'makutu.

Lachitatu

Ndaboola denga la balani. Udzu umenewu anafolera okha apongozi. Gudumu ndalikhazika pabowo, pamtengo wopingasa.

Silizungulira.

Ndikuuzira ndi pakamwa: zii. Ndikupiza ndi lichero: ligwedera pang'ono, liima. Amayi akusinja pamtondo asiya misi, akundionerera. Wina akuti: "Ndege yanuyo ikanyamuka mutitengeko, tikatsike ku Nsaru."

Kumadzulo mitambo yada. Bowo lili yasa pamwamba pa fodya wa eni ake. Mvula isabwere, chonde!

Lachinayi

Mvula sinabwere, kwabwera mphepo. Gudumu likuzungulira! Koma chobwerera m'mbuyo. M'malo mokoka utsi, likuukankhira pansi. Utsi wonse ukutulukira pakhomo, ukuyenda chokwawa mpaka pabwalo. Nkhuku zathawa. Apongozi aakazi akutsokomola, misozi mbwembwembwe: "Bambo, m'mudzi muno tinakulakwirani chiyani?"

Vuto ndaliona: mapiko ndinawapendeketsa molakwika. Ku Halale ndinkayang'ana injini ija nditaima kutsogolo, kunotu ndiyenera kuganiza ngati ndili kunsi. Ndikupinda phiko lililonse kuloza kwina. Pozungulira ndathirapo mafuta a nsatsi.

Chakudya sichikulowa. Kwatsala mawa lokha.

Lachisanu

M'mawa: zatheka! Utsi ukukwera woongoka ngati nsungwi. Gudumu likulira fyii, amayi aja ati chete. Ndikuyenda mozungulira balani, manja kumbuyo.

Masana: likulira kwambiri. Likukoka mphepo pansi pa chitseko, ndipo zikuni zomwe zimangofuka zayamba kulilima. Moto ukakula, gudumu lithamanga. Gudumu likathamanga, moto ukula. Za poimitsira sindinaziganizepo!

Malawi akunyambita fodya wam'munsi. Udzu wapabowo wagwira moto. "Madzi! Madzi!" Debe palibe, ndinadula ndine. Amayi akuthamanga ndi mitsuko, amuna akugwetsa gudumu ndi nsungwi. Lagwa, lagubuduka likufuka, lakaima m'khola la mbuzi.

Moto wazima. Zowonongeka:
denga, mbali yonse yakum'mawa
fodya wam'munsi, wapsa
wam'mwamba, wanyowa
nsidze zanga

Loweruka

Ndikufolera pabowo ndi udzu wosolola pa nkhokwe yanga. Aliyense wotulukira panjira ndikuyesa ndi iwo. Mkamwini amathamangitsidwa pa zochepa kuposa izi. Katundu wanga ndi wochepa, angakwane m'thumba limodzi, ndayesa kale.

Chithupsa cha a Yohane chaphulika. Akufuna njinga yawo lero lomwe. Ndawapatsa gudumu. Aliyang'ana nthawi yaitali: "Kuwongola kwake n'kumeneku, alamu?"

Apongozi afika dzuwa litapendeka. Alowa m'balani. Ine ndatsala pakhomo. Agwira tsamba limodzi, lafumbutuka m'manja mwawo. Atuluka, ayang'ana denga, ayang'ana nkhope yanga yopanda nsidze. Osakalipa. Bola akanakalipa! Angoti: "Tikamba mawa tikaweruka ku tchalitchi."

Akazi anga alowa m'nyumba mwa makolo awo, akhalitsamo. Atuluka maso ali ofiira.

Lamulungu

Mlandu watha msanga, tisanapite n'komwe ku tchalitchiko. Sindichoka, akazi anga andipepesera. Koma fodya wa m'munda mwanga chaka chino ndi wa apongozi, denga ndifolera lonse ndekha, ndipo balani ndiziliona ndili patali. Ndawomba m'manja, ndathokoza.

M'tchalitchi anthu akundisiyira malo aakulu pabenchi. Nyimbo sindikuimba, kukhosi kukadali utsi.

Potuluka, mkulu wa mpingo andigwira dzanja, andikokera pambali: "Tamva kuti munanenapo kuti m'tchalitchi muno mumatentha. Simutentha ayi, bambo, denga lathu silifuna mapiko. Muno muli bwinobwino, eti?"

Ndavomera kuti simutentha. Malaya anga ali onyowa ndi thukuta.