Kuthokoza Chifukwa cha Alendo Atatu Amene Anaphunzirira pa Munda Wanga

Kwa Olemekezeka a Mkulu Woitana Akatswiri Akunja,
Sukulu ya Ukachenjede,
Ku Mzinda.

Bwana wanga,

Ndagwira mwendo wanu, mundikhululukire kuti munthu wolekezera sitandade 6 ndikulembera inu amene mabuku munawamaliza onse. Ndine Yobu Mphepo wa kwa Chulu, kuno ku Kasungu. Chindisankhireni alangizi kuti ndikhale mlimi wachitsanzo, munda wanga wa maekala awiri ndiwo wakhala poimira galimoto ya alendo anu. Alendo atatu pa zaka zitatu! Kukhala chete osathokoza kungakhale kupanda mwambo.

Choyamba, zikomo chifukwa cha a Pulofesa amene tinawatcha a Chipewa, poti dzina lawo linatikanika kutchula. Anafika mu Seputembala, nazale yanga ya fodya itamera mosiririka. Anatapa dothi, n'kulinunkhiza, n'kupukusa mutu ngati afika pamaliro. Anati fodya wapha nthaka, choncho ndibzale mitengo ya gilisidiya munda wonse, ndipo pakatha zaka zisanu ndidzaona zodabwitsa. Mkazi wanga Sellah anafunsa kuti m'zaka zisanuzo tizidya chiyani. Womasulira sanalifikitse funsolo, poopa kuchititsa dziko manyazi. Mbande za fodya ndinagawira anthu. A Chipewa anathirira mtengo umodzi ndi manja awoawo, anajambulitsa, ndipo mvula itangoyamba anakwera ndege, poti kwawo Khirisimasi inali itayandikira.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha a Dokotala a Botolo, amene ankangomwa madzi a m'botolo, a pa mjigo wathu sanawalawepo. Iwowa anachokera dziko lina, ndipo za a Chipewa sanazimvepo, zomwe zinandisonyeza kuti ku ofesi kwanu anthu salowererana pa ntchito. Anadabwa kuti ndani anandipusitsa kubzala nkhalango m'munda. Nditati ndi anzawo, anaseka, nati nzeru za kumeneko n'zachikale. Mitengo inali itandipitirira msinkhu. Tinaizula ine ndi Sellah kwa milungu itatu, manja kuchita matuza, n'kubzala nyemba zachilendo zimene kwawoko akuti amayengera mafuta. Anatilonjeza kuti wogula adzabwera ndi lole.

Sindinama, Bwana, nyembazo zinabereka mpaka tinasowa poziika. Loleyo ikubwerabe. Msewu wa kwa Chulu ngwoipa, tikumvetsa. Chimanga chitatha m'nyumba, Sellah anatereka nyembazo m'mawa. Dzuwa linapendeka, nkhuni zinatha, koma zinali gwa ngati miyala. Tinathirira mbuzi, zinanunkhiza n'kutembenuka. Mbuzi za kuno n'zosaphunzira.

Chachitatu, ndipo apa ndikugwada, zikomo chifukwa cha mayi aja a mafunso. Anafika mu Febuluwale, ndipo anandipeza pa esiteti ya a Samsoni ndikusoka fodya wa eniake kuti ndilandire ndowa ya chimanga, ine amene ndinali ndi chigafa changachanga. Anati abwera kudzafufuza chifukwa chimene alimi a kuno sakhalitsira pa njira zatsopano za ulimi. Tinapita kunyumba, tinawayalira mphasa, ndipo anatifunsa mafunso makumi asanu ndi anayi. Atafika pa funso lakuti timadya kangati pa tsiku, Sellah anayang'ana womasulira nati, “Auzeni kuti timadya nthawi iliyonse imene nyemba za anzawo zapsa.” Womasulira analemba kuti kamodzi.

Mwezi wathawu a Prosper, aphunzitsi a pasukulu yathu, anandionetsa pa foni pepala limene mayiwo analemba. Chithunzi changa chili pamwamba penipeni, malaya ong'ambika pamapewa. Dzina anandibisira mwaulemu, ndine “Mlimi 14”, nkhope yokha ndiyo anaisiya poyera. Pansi pake, malinga ndi kumasulira kwa a Prosper, palembedwa kuti mlimi ameneyu amasiya njira iliyonse chaka chikangotha, chifukwa mtima wake udakali pa fodya. Akuti analiwerenga pamsonkhano waukulu kunja, anthu n'kuomba m'manja. Pa mtundu wonse wa a Mphepo palibe wina amene anaomberedwapo m'manja kutsidya la nyanja.

Sellah yekha ndiye sakuona ulemu umenewu. Chaka chino akulima kwa mlongo wake, ndipo ndikatchula munda wathu amadzuka n'kukasesa panja.

Tsono alangizi andiuza kuti mlendo wachinayi ali m'njira. Abwere ndithu, munda ulipo. Pempho langa n'laling'ono. Popeza ndondomeko yanu mumaitcha yosinthana, nafenso tilandireko kanthu: mlendoyo afike nthawi yolima, akhale nafe mpaka kukolola, ndipo azidya chokhacho chimene nzeru zake zabereka. Inunso, Bwana, mumuperekeze, muzidzadyera naye limodzi kuti asasungulumwe. Za pasipoti yake musade nkhawa. Sellah wavomera kumusungira mpaka mwezi wa Meyi, ndipo chimene wabisa mayi ameneyu ngakhale ine sindichipeza.

Ine kapolo wanu wosatha kuthokoza mokwanira,

Yobu Mphepo,
Mlimi wachitsanzo, kwa Chulu.