Chisomo Phiri Uti?

Mpaka lero ndikamadutsa pasukulu ija ndimayenda tsidya lina la msewu. Za tambala wanga wofiira musandifunse, mtima ukuwawabe.

Mwana wanga Chisomo ali giredi naini kuno ku Chadiza, m'kalasi yodzaza ngati minibasi ya ku Chipata. Ana atalemba mayeso oyeserera, ahedi anatiitana makolo. Anadandaula kuti ana ambiri agwa masamu, ndiponso atsikana akungochepachepa chaka ndi chaka. Kenako nkhope yawo inawala.

"Koma amene watipukuta misozi ndi Chisomo Phiri. Nambala wani!"

Abale, ndinaimba nthungululu yomveka mpaka kumsika. Zotsalazo sindinadikire n'komwe. Ndinathamangira kunyumba n'kupha tambala uja, yemwe ndinkasungira Khirisimasi. Chisomo anadya ntchafu zonse ziwiri ali chete (ine ndinati ndiko kudzichepetsa kwa anthu anzeru).

Lamulungu kutchalitchi ndinapempha maikolofoni kuti ndipereke umboni. Abusa anamuimiritsa mnyamatayo n'kumusanjika manja, mpingo wonse ukufuula aleluya. Ndinawonjezera kuti nzeruzo anatengera kwa ine (abambo ake anali pomwepo, koma sindinawayang'ane).

Lolemba ndinanyamula beseni la tomato wa pabenchi langa la kumsika kukathokoza aphunzitsi a masamu.

"Ndine mayi ake a Chisomo Phiri," ndinatero, chifuwa chili patsogolo.

"Chisomo Phiri uti, mayi?"

"Uti bwanji?"

"Alipo atatu. Wamtali, wa njinga, ndi mtsikana wochokera ku Zemba."

"Wanga ndi wamtaliyo."

Aphunzitsiwo anayang'ana tomato, kenako anayang'ana ine. "Nambala wani ndi mtsikanayo, mayi. Wanuyo akapanda kusintha, giredi teni adzangoionera pawindo."

Ndinapsa mtima, ndipo ndikupsabe. Theka la Chadiza ndi a Phiri, theka linalo a Banda, aliyense akudziwa. Ndiye ahedi athunthu, atavala tayi, n'kuponya dzina pagulu osanena kuti ndi mwana wa ndani? Komanso mwana wanga wakhala akumira m'masamu chaka chonse, popanda wonditsina khutu, chifukwa m'chigulu chija amangodziwika kuti "wamtali". Tomato ndinamusiya komweko, manyazi anandiletsa kumunyamulanso.

Kunyumba ndinamupeza mwiniwakeyo akusewera ndi foni.

"Iwe, unkadziwa kuti si iwe?"

"Eya, amama."

"Nanga bwanji sunanene?"

"Munali mutapha kale tambala."

Foniyo ili m'chikwama changa tsopano, ndipo akaweruka amakhala pabenchi pafupi nane, buku la masamu lili pamiyendo. Azimayi a kutchalitchi akamadutsa amamupatsabe moni wa "a Nambala Wani", iye n'kumazolika. Umboni uja sindinaubweze, ndipo sindiubweza. Ndamuuza kuti ine sindikhala wabodza pamaso pa Mulungu ndi mpingo chifukwa cha iye. Tambala anadya kale, chatsala n'kukhoza.