Chimutu Muwadirobu

Loweruka m'mawa, Mapulani anakhala pakhonde ndi mlamu wake Chimutu ndi Mfundo, mng'ono wa Mapulaniyo, botolo lili pakati. Mowawo unachokera ku makina osokera a mkazi wake, amene Mapulani anagulitsa mayiwo atapita kukazonda odwala. Tsono mayi ankabwera mawa lake.

"Mlongo wanga ndimamudziwa ine," anatero Chimutu. "Akapeza makina palibe, inu alamu ukwati watha."

"Musade nkhawa," anayankha Mapulani. "Kunyumba yampanda ija kuli makina ofanana nawo. Masana kumakhala zii. Tilowa, tinyamula, basi."

Atafika anapeza geti lili chitsegulire, lole itaima pabwalo, mipando ili mbwee. Eni nyumba ankasamuka. Mayi wa panyumbapo anawaona asanathawe.

"Ndinu onyamula katundu aja? Mwachedwatu. Yambani ndi firiji."

Chimutu anafuna kuliyatsa liwiro, koma Mapulani anamugwira malaya. "Pulani yasintha, mlamu. Akutiitana okha m'nyumba, ukufunanso chiyani?"

Ananyamula firiji. Ananyamula mabedi, matumba a simenti, ngakhale khola la galu, thukuta lili kamukamu. Makina anawapeza kuchipinda, ndithu ngati mapasa ndi ogulitsidwa aja.

"Iwe Chimutu, lowa muwadirobu umu ndi makinawa," ananong'ona Mapulani. "Lole ikachepetsa liwiro pamsika, utuluke, utipatsire, tidumphe."

Vuto linali Mfundo. Mnyamatayu anakulira pangolo, ndipo pa moyo wake wonse chimene anthu anamuyamikirapo n'kumanga katundu basi. Mayi uja atangoti, "Achimwene, inu ndiye mumadziwa chingwe," mutu unakula. Anazenga wadirobu ija katatu, nakoka ndi phazi, namanga mfundo ya ng'ombe yolusa.

Pamsika lole inachepetsadi liwiro. M'kati munamveka gu, gu, gu.

"Mfundo, masula msanga!" anatero Mapulani.

"Akulu, yanga simasuka pamsewu. Imafuna mpeni."

"Chabwino. Tikamutulutsira kunyumba yatsopanoyo. Mwinanso kumeneko n'kwaphee."

Lole inakhota, n'kulowa pageti la nyumba za apolisi. Mwamuna wa mayi uja anali mkulu wawo, ndipo anali atangosamutsidwira kumeneko. Anyamata ake a yunifolomu anathamanga kudzathandiza bwana kutsitsa katundu.

"Osanjenjemera," anatero Mapulani. "Taona, atichepetsera ntchito."

Apolisi anatsitsa wadirobu akudandaula kuti mitengo yamakedzana imalemera. Bwana anadula chingwe yekha. Chitseko chitatseguka, anapeza Chimutu atakhala mwaulemu, makina ali pamiyendo, diresi ya mayi itamuphimba kumutu.

"Mwaswera bwanji, bwana," anatero Chimutu. "Ndimawagwirizira kuti asagwe."

Mwina akanapulumuka, chifukwa bwana anayamba kuseka. Koma Mfundo anatola chingwe chodukacho mtima ukumuwawa.

"Mukanandiuza ndikanamasula bwinobwino. Inetu ndinaiwala kuti amayenera kudumpha nawo pamsika."

M'mawa mwake atatuwo ankasesa pabwalo la polisi, wapolisi akuwayang'anira ali ndi kapu ya tiyi. Chimutu ankasesa mokwiya. Mapulani ankaimba kamluzu.

"Muziona ubwino wake, anyamata. Kuno mpanda ndi wautali. Mayi akunyumba sangandipeze."

Wapolisi anaika kapu pansi, nasuzumira kugeti.

"Mapulani ndani pano? Kuli mayi wanyamula chikwama chapaulendo. Akuti sakhalitsa, angokufunsani funso limodzi."

Mapulani anayang'ana tsache lake, kenako wapolisi uja.

"Bwana, kuseri kuja tasesako kale?"