Mmene ndinafunsirira mbeta pa foni ya sitolo

Mpaka lero ndikamadutsa mumsika wa Mitundu, amayi ogulitsa tomato amatsinana n'kumaseka. Sindiwaimba mlandu. Ndinaziyamba ndekha.

Ndili ndi masitolo awiri a mbewu ndi feteleza, ina ku Mitundu, ina ku Nathenje. Mauthenga a makasitomala ankangomwazika, ena pa imelo, ena pa foni ya wogulitsa uyu, ena pa ya uyo. Ndiye ndinaitana katswiri wa ku Lilongwe kuti awasonkhanitse pamodzi. Anakonza zoti masitolo onse akhale ndi nambala imodzi, ndipo tikapanda kuyankha, woimbayo azimva mawu anga omulonjera, kenako asiye uthenga. Zonsezo anazitseka ndi pasiwedi. "Musankhe yovuta, bwana, ndipo musailembe paliponse," anatero. Ndinasankha yovutadi (apa pokha mundiyamikire).

Tsono masiku amenewo mutu wanga sunali kwa ine. Unali kwa Anaphiri, mphunzitsi wa ku Nathenje amene ankabwera kudzagula mbewu ya mpiru. Ndinkawakonda kwambiri, koma ndikawaona pakamwa pankangotuluka za mankhwala a mbozi.

Masana ena kukuwaza kamvula, ndili ndekha m'sitolo, ndinayamba kujambula moni uja. "Mwaimba ku sitolo ya mbewu, siyani uthenga." Ndinaika foni pathumba la feteleza osadina pomalizira. Fungo la dothi lonyowa linalowa pakhomo, maganizo n'kuuluka. Ndinawaona Anaphiri akutsika minibasi, ambulera m'manja, choko chikadali m'zala, akumwetulira ine ndekha. Ndinangozindikira ndikulankhula mokweza: "Anaphiri, mtima wanga unasamukira ku Nathenje kalekale. Tikakwatirana ndidzakulimirani dimba mpaka kumtsinje. Amalume anu ndiwapeze kuti?" Ndinaikapo ndi kanyimbo (musandifunse kuti kotani). Makinawo anasunga zonse.

Sabata imeneyo foni inalira kuposa kale, ine n'kumati bizinesi yakula. Chodabwitsa, ndikayankha anthu ankakhumudwa. Bambo wina wolima fodya anachita kundipempha kuti, "Achimwene, dulani ndiimbenso. Koma musayankhe, akazi anga sanamve nawo."

Nditaimba ndekha n'kudzimva, ndinazindikira kuti aliyense woimba ankamva zonse zija. Ndinathamangira kufufuta, koma pasiwedi ija inali itandithawa m'mutu. Katswiri uja foni yake sinkapezeka. Kuwonjezera apo, foni inaonetsa kuti Anaphiri asiya uthenga, ndipo nawonso unali wotsekeredwa. Andilola? Anditukwana?

Ndinakwera njinga yamoto ya kabaza mpaka ku Nathenje, ndipo ndinawapeza akutuluka m'kalasi.

"Aphunzitsi, mu uthenga wanu uja munati chiyani?"

"Simunaumve?"

"Watsekeka."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Mitundu yonse mwaiuza. Nathenje yonse mwaiuza. Ana a m'kalasi mwanga akuimba kanyimbo kanu pa buleki. Ine ndekha ndiye simunandiuze."

Ndinawauza pomwepo, ndikuchita chibwibwi, popanda dimba, popanda nyimbo. Iwo anangondilozera njira ya kwa amalume awo.

Katswiri atapezeka anafufuta zonse n'kuyambiranso, uthenga uja n'kupita nawo. Kulota masana sindinasiye, kungoti ndimayamba ndazimitsa foni. Anaphiri lero ndi mayi a kunyumba kwanga, koma ndikawanyengerera kuti andiuze zimene ananena mu uthenga uja, amangoti, "Mukanaumva simukanabwera."