Tsiku limene ndinadyetsa mpongozi wanga Chingerezi

Anzanga a kwaya, mumaseka mukamva mpongozi wanga akukuwa kuti "Ndakhuta!" asanapereke ndi moni womwe, koma kumene zinachokera simukudziwa. Lero ndikuuzeni, musekeretu zithe.

Mwana wanga Fabiano anapita kukagwira ntchito ya ulangizi ku Mongu, n'kukwatira komweko mtsikana wa Chilozi dzina lake Namakau. Kuukwati sindinapite, mwendo uja unali utanditupa. Tsiku lina akuimba foni: "Amayi, pa Pasaka tikubwera. Koma mpongozi wanu Chichewa samva, ndi Chilozi ndi Chingerezi basi."

Ine sukulu ndinalekezera panjira, ndipo ndinkaopa kuti mwana wa eni adzangokhala duu pakhonde, adzabwerera osandizolowera, osadzafunanso kuponda kuno kwa Mlolo. Mkazi akapanda kukonda kwa apongozi ake, njira ya mwamuna yopita kwawo imamera udzu, si mukudziwa?

Ndinagwira nkhuku ulendo kwa a Zulu, aphunzitsi aja anapuma ntchito. Ndinati andiphunzitse mawu a pachakudya okhaokha, poti mlendo timamulandira ndi mbale.

"Mayi Banda," anatero akukonza magalasi, "munthu wophunzira sabwereza mawu. Mukanena 'eat' kamodzi, kachiwiri musinthe. Pali 'taste', pali 'chew', pali 'swallow', pali 'consume'. Onsewo ndi apachibale. Ndiye pali 'devour', koma amenewo muwasungire pa chinthu chachikulu."

Ndinawaloweza ndikukumba mbatata, ndikutunga madzi, ngakhale m'tchalitchi nthawi ya ulaliki, Mulungu andikhululukire. Ndinkayeserera pa mbuzi, ndipo mbuzi zinkamvera bwino kwambiri.

Tsiku linafika. Anatsikira pa boma pa Chadiza, kwinaku n'kubwera pa njinga. Kamtsikana kowonda, kaulemu, kanagwada n'kuwomba m'manja mpaka ine misozi lengelenge. Fabiano atangomwa madzi anati akaone amalume ake kutsidya, natisiya awiri pamphasa pansi pa mtengo wa mango. Ndinati eya, bwalo ndi langa.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti Fabiano anamuphunzitsa Namakau mawu awiri okha, "Inde, amayi," ndipo azakhali a mtsikanayo anamulangiza kuti chakudya cha apongozi sakana, sasiyanso m'mbale. Pamene kwathu kuno mlendo timamukakamiza dala, iye n'kukankha mbale pang'ono n'kuti zikomo ndakhuta, nkhani n'kuthera pomwepo. Nanga ine ndikanalota?

Ndinabweretsa maungu. "Eat!"

"Inde, amayi." Anadya onse, mbale mbee.

Ndinati kodi Chingerezi n'chophweka chonchi? Ndinathamangira kukhitchini, n'kubwera ndi chimanga chootcha. "Chew!"

"Inde, amayi."

Mtedza wophika, lichero losefukira. "Taste!" Anasenda wonse, makoko mulu. Chikho cha thobwa chija amamwera amuna pochoka kumunda. "Swallow!" Anagugudiza, akupumira m'mphuno. Ine ndinkangoona kuti liwu lililonse likugwira ntchito, ndiye ndisiyirenji ena m'kamwa, nkhuku yanga ndinapereka kale kwa a Zulu?

A Naphiri oyandikana nawo anasuzumira pampanda. "Koma mpongozi wanu amadya, kuwonda konseku!"

"Si njala ayi," ndinayankha monyada, "n'Chingerezi chimenechi."

Futali wa mbatata ndinamupereka ndi "consume". Apa mwana anayamba kudya pang'onopang'ono, thukuta kamukamu, akuyang'ana kunjira kumene kunalowera mwamuna wake. Ine chitsiru ndinati wamusowa, ukwati ukadali watsopano. Ndiye ndinatulutsa chinthu chachikulu chija, nyama ya tambala amene ndinamusunga chiyambire Khirisimasi, ndinaimirira bwinobwino ngati ndikuyambitsa nyimbo ya Gloria, n'kuti, "Devour!"

Anatenga mwendo wa nkhuku, anauyang'ana, misozi n'kuyamba kugwera m'mbale. Anati, "Inde, amayi," timawu tating'ono, kenaka anangopendekeka n'kugona chammbali pamphasa atagwira mimba.

Mayo ine! Chingerezi chonse chinathawa, sichinatsanzike n'komwe. "Mwana wanga, ndakupha! A Naphiri, madzi ofunda!" Ndinamumasula chitenje, mutu wake ndinauika pamiyendo panga, n'kuyamba kumuthowa pamimba ndi kansalu, ndikusisita monga ndinkachitira ndi Fabiano akadya mango osapsa. Ndinkangolankhula Chichewa changa chomwechi, pepa mwana wanga, pepa, amayi ako ndi opusa, ndipo iye anandigwira dzanja osalisiya.

Fabiano pofika anaima n'kuyang'ana zitsononkho, makoko a mtedza, mbale zili mbwee. "Amayi, kunabwera anthu a limana lonse la kutchalitchi?"

Nditafotokoza anaseka mpaka kukhala pansi, ine manyazi ofuna kulowa m'nkhokwe. Namakau analankhula kanthu m'Chilozi.

"Akuti chiyani? Akufuna kubwerera kwawo?" ndinamufunsa Fabiano.

"Ayi. Akufunsa ngati wakhoza mayeso. Amaganiza kuti ndi mwambo wa Achewa poyesa mkazi watsopano."

Ndinati amuuze kuti wakhoza, amene walephera ndine. Namakau analankhulanso, motsitsa, ndipo ulendo uno Fabiano sanaseke.

"Akuti musasiye kusisitako. Amayi ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo chichokereni iwo palibe anamugonekapo pamiyendo chonchi."

Anzanga, ndinalira ngati mwana, ndikusisita. Chimene ndinachifunafuna kwa a Zulu nditanyamula nkhuku yamoyo chinali m'manja mwanga momwemu.

Atapezako bwino ndinamukhazika tsonga n'kumuphunzitsa liwu limodzi lokha, lopanda wachibale: "Ndakhuta." Analibwereza mpaka linakhazikika. Ndi limenelo mumamva akukuwa akangotulukira pa mpanda, poti chaka chilichonse amabwera, nthawi zina ngakhale wopanda Fabiano, mwana kumsana.

Kwa a Zulu sindinabwerereko, ngakhale amandiitana kuti atsala ndi mawu ena otanthauza kumwa. Ndinawauza kuti awasunge. Mpongozi ndili naye mmodzi yekha.