Siteji ya Pulofesa Mtambalika

Kunali mudzi wina, umene dzina lake tilisunga polemekeza anthu amene adakali moyo, umene unakula mpaka unayamba kuchita manyazi kutchedwa mudzi. Unali ndi misika iwiri, maminibasi makumi anayi, ndi Sukulu ya Ukachenjede imodzi ya mpanda wa njerwa. M'kati mwa mpandawo munkakhala Pulofesa Yotamu Mtambalika, Mkulu wa Bwalo Lofufuza za Kayendedwe ka Anthu M'matauni, Mlangizi wa Alangizi a Khonsolo, mlembi wa mapepala a kafukufuku 64 onena za minibasi. Minibasiyo anali asanakwerepo chibadwire. Ankati kukwera kumasokoneza kafukufuku, chifukwa munthu wopanikizika pakati pa thumba la makala ndi bondo la mnzake saona zinthu mwachilungamo.

Pasukulupo munthu sankamuyeza ndi zimene wapeza. Ankamuyeza ndi kuchuluka kwa nthawi zimene ena atchula dzina lake m'zolemba zawo. Pakhomo la ofesi yaikulu panali bolodi, ndipo Mayi Nasibeko, Mlembi Wotsimikiza za Kutchulidwa, ankafufutapo nambala zakale n'kulemba zatsopano ndi choko. Akatswiri ankadutsa pabolodipo akuyang'ana kumbali ngati sakuliona, koma aliyense ankadziwa nambala ya mnzake kuposa tsiku lobadwa la mwana wake.

A Pulofesa ndi anzawo asanu anali ndi chipeleganyu cha maina. Mwezi uno onse atchule a Mtambalika, mwezi wamawa onse atchule wotsatira. Motero dzina lawo linkapezeka ngakhale m'pepala lonena za chitopa cha nkhuku: monga ananenera Mtambalika, zinthu zimayenda.

Ntchito imene inawatchukitsa anaigwira masana amodzi okha. Anayala mapu a mudziwo patebulo, anatenga rula, n'kupeza pakati penipeni. Pamalopo panali dambo lopanda nyumba ngakhale imodzi, koma rula sanama. Khonsolo inamangapo Siteji ya Pakati, inatseka njira yachidule yopita kumsika ndi migolo, n'kulamula kuti minibasi iliyonse izizungulira kudamboko, anthu onse azitsika n'kukwera ina. Pakhoma anamatapo ndandanda yonena kuti minibasi izifika mphindi zisanu ndi ziwiri zilizonse. Kuzungulirako anthu anazungulira, poti migolo sikambirana ndi munthu. Kutsika kokha ndiko anakana, chifukwa minibasi zonse zinkafika pamenepo zitadzaza kale.

Chaka chotsatira a Pulofesa analemba pepala lina lotsimikiza kuti, chifukwa cha ubwino wa sitejiyo, akabaza anatheratu m'mudzimo. Pepala limeneli lokha linatchulidwa ka 312, ndipo ankalikonda kuposa ana awo ena.

Kenaka Mpando wa Katswiri Woposa Akatswiri Onse unatsala wopanda munthu. Malamulo ake anali omveka. Dzina la munthu litchulidwe kokwana chikwi. Katatu komaliza kachokere pakamwa pa anthu wamba, monga umboni woti kafukufuku wafika kwa eni ake. Ndipo mwini dzinalo apezeke muholo Lachisanu 12 koloko masana kudzavekedwa mkanjo. Akapanda kupezeka, mpando upite kwa wotsatira amene alipo. A Pulofesa anali pa 997. Wotsatira wake anali Dokotala Likongwe, munthu wa pepala limodzi lokha lotchedwa Zolakwika za Mtambalika. Kuganiza zoti mkanjo ungagwere pamapewa amenewo kunkawathera a Pulofesa njala.

Lachisanu m'mawa a Pulofesa anaganiza zopita kusukulu pa minibasi osati pagalimoto yawo, poti anthu wamba salankhula momasuka pafupi ndi galimoto, anavala chipewa chobisa nkhope, n'kuuza dalaivala wawo kuti awatule kudepoti ya kumsika wakutali. Mayi Nasibeko anawapeza komweko atagwira kope ndi cholembera. Mayiwa ankakwera minibasi yomweyo tsiku lililonse kwa zaka zitatu, koma a Pulofesa anali asanawafunsepo za ulendowo, pakuti mayiwa sanali m'gulu la anthu ofunsidwa pa kafukufuku.

M'minibasi anawakhazika anayi pampando wa atatu. A Pulofesa anadabwa kuti chiuno chawo chingachepe chotero. Minibasi itafika pamigolo n'kukhotera kudambo, nkhani inayamba yokha, monga inkayambira m'mawa uliwonse. Mayi wina wa dengu la tomato anati tomato wake amafika kumsika atasanduka kale msuzi, chifukwa cha munthu wa rula uja. Bambo wina kumbuyo anati mwana wake wachiwiri anabadwira m'minibasi pakati pa dambo lomwelo, chipatala chikuonekera patali, ndipo anafunira munthu wa rulayo zinthu zimene sitingalembe pano. Kondakitala anati kuphunzira n'kwabwino, koma ena amaphunzira mpaka nzeru kutayikira pansi.

Mtima wa a Pulofesa unadumpha ndi chimwemwe. Malamulo sankafunsa ngati wotchulayo akuyamika kapena akutukwana. Anagunda Mayi Nasibeko ndi chigongono.

"Lembani. Katatu kakwana."

"Sanatchule dzina, bwana," anayankha mayiwo motsitsa mawu. "Ndime yachitatu ikuti popanda dzina palibe nambala."

A Pulofesa anakhosomola, n'kufunsa mayi wa tomato uja ngati munthu wongocheza kuti kodi munthu wa rulayo dzina lake ndani.

"Bambo, tikanalidziwa bwenzi titamuyendera kalekale."

Anthu anaseka. A Pulofesa anayang'ana wotchi. Inali itadutsa 10 koloko. Apa panali anthu makumi awiri amene moyo wawo unasinthidwa ndi kafukufuku wawo, onse akulankhula za iwo ndi mtima wonse, koma pabolodi sipakanaonjezeka ngakhale kadontho. Anaona kuti chimenechi ndi chinyengo chachikulu chimene anthu osaphunzira amachitira ophunzira. Anavula chipewa, anayesa kuimirira, mutu n'kugunda denga, ndipo ali chiweramire anatchula dzina lawo ndi maudindo awo onse, osasiyapo ngakhale umodzi.

Mayi wa tomato anapukuta manja pachitenje, anawomba m'manja mwaulemu, n'kufunsa a Pulofesa kuti adzuka bwanji, nanga kunyumba adzuka bwanji. Anawapempha kuti abwereze dzinalo pang'onopang'ono kuti akalifikitse bwino kwa anzake kumsika. A Pulofesa anabwereza kawiri.

Kondakitala anagogoda denga, minibasi n'kuima.

"Bwana, tafika pasiteji yanu. Lamulo likuti mutsike, mukwere ina. Ife osaphunzirafe timaliphwanya, koma inu simungatero."

A Pulofesa anayang'ana kope la Mayi Nasibeko, n'kuona kuti sangaphwanye pepala lawo lomwe pamaso pa Mlembi Wotsimikiza. Anatsika. Mayi Nasibeko anapepesa kuti iwo atsala momwemo, poti ntchito yawo n'kutsata kumene dzina likutchulidwa. Chitseko chinatsekedwa. Minibasi isanafike pokhota, a Pulofesa anamva dzina lawo likutuluka pawindo katatu, lonse lathunthu, limodzi ndi mawu ena. Anamwetulira. Chikwi chinakwana. Kunangotsala kukwera minibasi yotsatira, imene malinga ndi ndandanda inali kubwera m'mphindi zisanu ndi ziwiri.

Siteji inali yokongola kuposa mmene ankaiganizira. Mabenchi anali adakali ndi penti yake yonse, chifukwa palibe anakhalapo kupatula mbuzi. Minibasi yoyamba inadutsa patatha mphindi makumi awiri, kondakitala atalendewera pakhomo. Yachiwiri inadutsa itanyamula matumba mpaka kumbuyo osatsekeka. Yachitatu inachepetsa liwiro, anthu n'kusuzumira pamawindo. Zikuoneka kuti uthenga unali utayenda kale pafoni, chifukwa anawapatsa moni ndi dzina lawo, minibasi n'kupitirira. A Pulofesa anadandaula kuti panalibe wolemba.

Itakwana 11 koloko ndi theka, bambo wina wa kabaza anaima patsogolo pawo, phazi limodzi pansi.

"Tiyeni bwana. Kusukulu kuja ndi mphindi makumi awiri, tikadzera kanjira ka m'chimanga."

A Pulofesa anayang'ana njingayo. Inali ndi kampando kofewa kumbuyo ndi popondera mapazi. Anayang'ananso wotchi. Nthawi ikanakwana ndithu. Koma anadziona akulowa pachipata cha sukulu atakhala kumbuyo kwa chinthu chimene anatsimikiza kuti chinatha, Dokotala Likongwe akuonerera, Mayi Nasibeko akufufuta 312 pabolodi ndi kansalu konyowa.

"Pepani bambo," anatero mwaulemu. "Inu kulibe. Munatha chaka chatha."

Wa kabazayo anaganizira mawuwo pang'ono. "Chabwino bwana. Ndikamabwerera ndidzakufunsaninso."

Akabaza ena ambiri anadutsa pambuyo pake. A Pulofesa sanawawerenge, pakuti munthu wa sayansi sawerenga zinthu zimene kulibe.

Anafika pasukulu wapansi 3 koloko, nsapato zili matope mpaka m'mapazi. Muholo munali anthu osesa okha. Pabolodi, pafupi ndi dzina lawo, panali 1,409, choko chake chidakali chatsopano. Mayi Nasibeko anali chiimire pomwepo, ndipo anapereka lipoti mwadongosolo. Anthu a m'minibasi sanapume mpaka kudepoti, ndipo kumsika dzinalo linalandiridwa bwino kwambiri. A Khonsolo ataona nambalayo anakhutira kuti palibe kafukufuku wina amene anafika kwa anthu chotere, choncho alamula kuti kumangidwe Siteji ya Pakati yachiwiri. Mkanjo wavekedwa Dokotala Likongwe, amene anafika nthawi yabwino pa kabaza.

"Analankhulapo?" anafunsa a Pulofesa.

"Analankhula ola lathunthu, bwana. Anati ntchito yanu yonse ndi yabodza kuyambira tsamba loyamba. Anakutchulani ka 17."

A Pulofesa anayang'ana matope a pansapato zawo. Kenaka anadzutsa mutu pang'onopang'ono, n'kuyang'ana bolodi.

"Mwalemba?"