Tsiku Limene Ndinafufuta Makanjira

Nkhaniyi ndakhala ndikuibisa kwa chaka chathunthu, koma popeza ku ofesi aliyense akuidziwa, ngakhale mayi wotigulitsa mandasi pageti, palibenso chobisa. Ngati mumandilemekeza, ulemuwo usungeni pafupi, chifukwa sufika kumapeto kwa tsamba lino.

Ndimagwira ntchito pa kabungwe kena kakang'ono m'tauni ya Mangochi, kofufuza za amayi oyanika ndi kugulitsa usipa. Ine ndine wa makompyuta (kutanthauza kuti pulinta ikatafuna pepala amaitana ine). Amene amapita kumadoko ndi Abiti Saidi, mayi wachikulire ndithu, wosakonda zolankhulalankhula. Iwo amafunsa mafunso n'kumalemba mayankho pa foni, ndipo foniyo imasunga mayankho a munthu aliyense m'fayilo yakeyake ya XML. Ntchito yanga ndi kusandutsa mafayilowo kukhala tebulo loti abwana athu, Che Jafali, awerenge.

Ulendo umenewo Abiti anapita ku Makanjira. Amene munapitako msewu wake mukuudziwa. Anakhalako milungu itatu, doko ndi doko, ndipo anabwerera pa lole ya nsomba miyendo itatupa. Lachisanu m'mawa anaika foni patebulo panga n'kundiuza kuti muli amayi oposa zana m'menemo, ndiwasamale.

Ndinakopera mafayilo onse pa laputopu, n'kukoperanso pa fulashi. Kenako ndinafufuta za m'foni, chifukwa inali itadzaza ndipo Lolemba imafunika ku Malindi. Mpaka pamenepa ndinali munthu wanzeru.

Chinandipweteka ndi kukonda zokongola. XML ili ngati zikwama zolowetsana: chikwama cha mudzi, m'kati mwake cha munthu, m'kati mwakenso cha dzina, china cha zaka. Koma foni ija imalemba zonsezi pamzere umodzi wautali, woti kuuwerenga mpaka maso kutuluka misozi. Pali kapulogalamu kotchedwa xmllint kamene kamayala mizere bwinobwino. Kunena zoona, kuyalako kunalibe ntchito, tebulo likanatuluka ndithu. Koma Che Jafali amakonda kuima kumbuyo kwanga, ndiye ndinkafuna aone zinthu zooneka kuti wazigwira ndi munthu wopita kusukulu.

Ndinatsegula sikirini yakuda ija yolembamo malamulo, n'kulemba kasikiripiti ka mizere itatu. Kankati: tenga fayilo iliyonse m'fodamu, uiyale, zotulukazo uzilembe m'fayilo yomweyo. Posonyeza kolemba timaika kachizindikiro aka >, konga mlomo wa mbalame. Kakang'ono kwambiri. Sindinayese kaye pa fayilo imodzi (oyesa kaye ndi ongoyamba kumene, ndinkatero).

Ndinadina. Zinatha ndisanaphethire. Pa sikirini panatsika mizere yambirimbiri yodandaula, koma sindinaiwerenge, poti kompyuta imadandaula tsiku lililonse ngati ine ndemwe. Nthawi yomweyo Che Jafali anadutsa akupita ku mzikiti, n'kufunsa ngati za ku Makanjira zikuyenda.

"Zatheka kale, bwana," ndinatero. "Makinawa akadziwa mwini wake sachedwa."

Anandiyamikira n'kutuluka.

Ndinatsegula fayilo yoyamba kuti ndisirire ntchito yanga. Mbee. Yachiwiri, mbee. Ndinati mwina laputopu yatentha, pajatu unali mwezi wa Okutobala ndipo fani ya mu ofesi imangozunguza mpweya wotentha womwewo. Ndinalamula kuti indionetse kukula kwa fayilo iliyonse. Ziro. Ziro. Ziro mpaka pansi, mayina onse ali chilili koma m'kati mulibe kanthu.

Chimene ndinadziwa mochedwa ndi ichi. Kompyuta ikaona kamlomo kaja, imayamba yakhuthula fayilo yoti ilembemo, kenako ndiye imaitana pulogalamu kuti iwerenge. Ine ndinaiuza kuti yowerenga ndi yolemba ndi imodzi. Zili ngati kutuma munthu kuti atsuke ndowa yothiramo madzi, pamene madziwo ali m'ndowa yomweyo.

Thukuta linayenderera mpaka m'nsapato. Kenako ndinakumbukira fulashi, ndipo ndinaseka ndekha mokweza. Ndinailowetsa msangamsanga. Lamulo lokopera limafuna zinthu ziwiri motsatana: kochokera, kenako kopita. Mwana wa sitandade wani akhoza. Ine ndinazisinthanitsa. Kompyuta sinafunse ngati ndikutsimikiza. Inatenga maziro anga onse n'kukawayala pa fulashi, pamwamba pa amayi a ku Makanjira.

Ndinaganiza zonena kuti magetsi anathima, koma tsiku limenelo, mwa masiku onse, magetsi sanaphethire n'komwe. Masana onse ndinalimbana ndi mapulogalamu ovuula zofufutika. Anandivuulira zithunzi za ukwati wa msuweni wanga, kalata yanga yofunsira ntchito (mmene ndinalemba kuti ndine wosamala kwambiri), ndi kachidutswa ka fayilo imodzi kokhala ndi liwu limodzi: usipa.

Cha m'ma folo koloko Abiti anabwera kudzatenga foni.

"Abiti, amayi aja a ku Makanjira…"

"Atani?"

"Kulibe."

Ndinafotokoza za kamlomo, za ndowa, za fulashi. Anamvetsera osandidula. Ndikanakonda akanandikalipira. Anangokhala pampando pang'onopang'ono, n'kuvula nsapato imodzi, n'kumasisita phazi lotupa lija. Ananena kenakake m'Chiyao motsitsa mawu, ndipo sindinapemphe kuti andimasulire.

"Mwanawe," anatero pomaliza, "pali mayi wina pa doko lomaliza anandiyendetsa masiku awiri asanavomere kuyankha. Amenewonso mwawafufuta?"

"Onse, Abiti."

Che Jafali sanachulutse mawu. Anati lipoti likufunika basi, Abiti abwerere ku Makanjira, ndipo amene makina amamudziwa apite nawo akanyamule chikwama.

Za ulendowo ndinena pang'ono. Ndinakhala pamwamba pa matumba mu lole, ndinasanza kawiri tisanafike n'komwe pakati pa njira. Pa doko lililonse Abiti ankasonkhanitsa amayi pafupi ndi matandala oyanikapo usipa, n'kundiloza kuti awa ndi amene anataya mayankho anu, mufunse iwowa. Ena ankaseka mpaka kugwira m'mimba. Wina anandifunsa ngati ndinawataya m'madzi, kuti amuna awo akawakoke ndi khoka. Ena sitinawapeze, anali atawolokera ku Mozambique ndi malonda. Ena anayankha mwaulesi, maso ali pa nsomba zawo, ndipo ndinaona ndekha kuti zimene anawauza Abiti poyamba paja sizidzabweranso zonse.

Mayi wa pa doko lomaliza uja anatisiya titaima padzuwa mpaka atamaliza kutembenuza usipa wake. Kenako anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mawu ndinapereka kale," anatero. "Ngati simunawasunge, zanu zimenezo."

M'tebulo lija mzere wake ndi wopanda kanthu mpaka lero.

Phunziro ndinalitola, lowawa: ndimayesa kaye pa fayilo imodzi, zotuluka ndimazilemba m'foda ina, ndipo ndisanadine ndimawerenga lamulo mokweza ngati wa sitandade wani uja. Koma ku ofesi palibe amene zikumukhudza. Abiti anagula kope lachikuto cholimba, ndipo yankho lililonse amalilemba pa foni n'kulilembanso ndi cholembera. Sabata yatha ndinawapempha kopelo kuti ndione kalembedwe ka dzina lina. Analikumbatira pachifuwa.

"Nenani nambala ya mayiyo," anatero. "Ndikuwerengerani ndili pompano."